Zitseko Ziwiri za Kompyuta ya Malemu

Lachinayi 2 koloko masana, mwana wanga Tadala anati akufuna kufufuta mbali ya malemu bambo ake pa kompyuta yawo. Ukaiyatsa imafunsa kolowera, mbali ya Tadala kapena ya bambo akewo. Akuti malo achepa.

Nditatsamira pamkeka ndinalota kompyutayo ili nyumba ya zitseko ziwiri. Tadala akugumula khoma ndi khasu, fumbi likununkhira sopo wawo wometera. M'katimo amuna anga ali khale, mapazi m'madzi ozizira, zithunzi zikuyandama.

"Amake Tadala," anandiitana, "mukugwetsa musanasamutse katundu?"

M'kamwa mwanga munadzaza mchenga, kenako ndinadzidzimuka.

Kaya amandidzudzula, kaya amatsanzika, sindikudziwa. Ndatopa ine. Ndamuuza Tadala asafufute kaye. Masiku ano ndimakhala pambali pake, iye akusamutsira zithunzi m'fulashi, ine ndikumuuza mayina a anthu amene ali m'menemo.