Mapu a Bambo Gwatidzo

Linali tsiku lachinayi kompyuta ya mu laibulale ikungolira ngati nyenje, osatulutsa kalata ngakhale imodzi. M'chaka cha 1994 chimenecho, makalata onse a pakompyuta a koleji ya zaulimi ku Mutare, a chipatala cha mishoni ndi a mabungwe ena ankadzera pa foni imodzi, patebulo la Tsungai Marufu. Iyeyo ndiye ankalumikiza makina ndi ku Harare kamodzi patsiku.

Sisitala Dhliwayo a kuchipatala analowa ali thukuta kamukamu.

"Mwanawe, yankho la mankhwala a kolera lija lafika? Odwala akugona pansi."

"Latsekeredwa kumbuyo kwa katundu wa munthu wina, mayi."

Katunduyo anali mapu a nthaka ya Africa yense. Bambo Gwatidzo, wachiwiri kwa mkulu wa koleji, anawaitanitsa ku Ulaya kudzera pakompyutayo, ndipo makina akumeneko anawadula tizidutswa mazanamazana. Foni ikangoduka, zonse zinkayambiranso. A ku Harare sanabise mawu: mwini katunduyo adziwike, apo ayi Mutare yense amudula.

Tsungai ataitanidwa ku ofesi ya a Gwatidzo, anapeza kalata yopepesa italembedwa kale m'dzina lake.

"Saina apa, mwana wanga," anatero a Gwatidzo. "Tingoti unadina molakwika. Iwe akukhululukira. Dzina langa ine ndi lolemera."

"N'lolemeradi, bwana. Latseka njira yonse."

"Chipongwe chimenecho!"

"Ndinakuuzani kuti kamlatho aka n'ka anthu oyenda pansi, inu mwakwezapo thirakitala. Walira mvula walira matope."

"Ukudziwa amene anakulemba ntchito?"

Ankadziwa. Ankadziwanso kuti kunyumba kuli ana awiri opanda bambo. Koma cholembera anachisiya pomwe chinali.

Atabwerera ku laibulale anaimba foni ku Harare, Sisitala akumva.

"Ndine Marufu. Fufutani mapu onsewo. Anaitanitsa ndi a Gwatidzo. Tchimo langa ine ndi limodzi: ndinaziona tsiku loyamba lomwe, n'kukhala chete chifukwa cha mantha. Limenelo lembani, ndilivomera. La eni ake sindisenza."

Pofika masana makalata anayamba kukhuthuka. Yankho la Sisitala linali la mizere itatu yokha, lonena kumene mankhwala ankawadikira kuyambira Lolemba. Anathamanga nalo osatsanzika.

M'mawa mwake Tsungai anamusamutsira kunyumba yogawira mbewu, kuseri kwa makola a nkhumba. Anapita osadandaula.

Patatha masiku awiri, a Gwatidzo anaima pakhomo la nyumbayo, akutsokomola chonamizira.

"Marufu, makina aja akukana aliyense. Tabwera udzaone."

Tsungai anapitiriza kumanga thumba la mapira, osadzutsa mutu.

"Imani pamzere, bwana. Patsogolo panu pali alimi atatu."