Ovolosi ya Alamu ndi Masamani a Lachisanu

Kalata inafika Lachiwiri m'mawa. Anabwera nayo ndi mesenjala wa khoti, pa njinga yopanda mabuleki. Anaima ndi phazi. Mayi a mapasa anali pampopi. Anapukuta manja, nalandira.

Anawerenga kawiri. Masamani. Amuna awo akaonekere kukhoti Lachisanu. Mlandu wake: kuphwanya lamulo la chilango chogwira ntchito.

Anaipinda kalatayo, nathamangira kunyumba.

Amuna awo anali owotcherera zitsulo. Msewu wonse unkawatchula kuti a Mageti. Miyezi iwiri m'mbuyomo anakangana ndi kondakitala padepoti. Chibakera chinathawa. Dzino la kondakitala linagwa. Khoti silinawatumize kundende. Linawapatsa maola 160 ogwira ntchito pachipatala chaching'ono cha m'deralo. Kutchetcha udzu. Kuchotsa zinyalala m'ngalande. Maola anayi patsiku, kenako kusaina m'buku la kapitawo. Woweruza ananena poyera kuti akadzajomba popanda chifukwa, chotsatira ndi ndende.

A Mageti anagwira maola 100 osajomba. Kenako ngozi. Chitsulo chamoto chinatsetsereka pabenchi, iwo n'kuchiwakha ndi dzanja lamanja. Chikhatho chonse matuza okhaokha. Chikwakwa sichikanagwirika.

Nzeru inachokera kwa mayi a mapasa. Achimwene awo ankayendetsa lole, ndipo sabata imeneyo lole inali kugalaja.

"Achimwene, alamu anu alowe m'ndende inu mukuwothera dzuwa?"

"Dzino anagulula okha, udzu nditchetche ine?"

"Masiku ochepa chabe. Chonde."

A Mageti anakayika. "Koma zimenezi zimaloledwa, amayi?"

"Akufuna udzu uchoke. Uchoka."

Achimwene anavala ovolosi ya alamu awo. A Mageti ndi aafupi, ojintcha. Achimwene ndi aatali ngati mzati wa magetsi. Ovolosi inalekeza m'mawondo. Mwayi wake, kapitawo anali patchuthi. Buku linali ndi mlonda wapageti, munthu wosayang'ana nkhope. Masiku atatu achimwene anatchetcha, nasaina dzina la alamu awo. Tsiku lachinayi kunabwera ofisala woyang'anira anthu a zilango zoterezi.

"Inu ndi a Mageti?"

"Eee, bwana."

"Mwatalika liti?"

Nkhani inathera pomwepo. Lero ndiye iyi, kalata.

M'nyumba munatentha. A Mageti anakhala pampando, dzanja la bandeji lili pabondo. Achimwene ankangozungulira.

"Alamu, lole yatuluka kugalaja. Mawa ndikunyamuka. Kwerani. Ikatha miyezi iwiri aiwala."

"Aiwala?"

"Khoti lili ndi milandu yambirimbiri. Angakumbukire udzu?"

A Mageti anayang'ana chikwama chomwe chinali pamwamba pa kabati. Mayi a mapasa anawaona. Akathawa, ana afunsa. Akatsala, mwina ndende. Ndipo zonsezi anaziyambitsa ndi iwo.

Anatuluka osatsanzika. Nyumba yachitatu kuchokera pawo munkakhala mlangizi wa zamalamulo, mayi amene amakhala ndi tebulo pakhonde la khoti n'kumathandiza anthu mwaulere. Anamupeza akutseka chitseko, fayilo ili m'khwapa.

"Anzanga, ndalakwa," anatero mayi a mapasa. Anafotokoza zonse. Ovolosi. Buku. Lole.

Mlangiziyo anatsegulanso chitseko. "Khalani pansi. Choyamba, lole ipite yokha. Munthu akapanda kubwera pa tsiku la masamani, khoti limatulutsa chikalata chomugwirira. Chikalata chimenecho sichiiwala. Adzawagwira ngakhale patapita zaka, ndipo pamenepo woweruza sadzafunanso kumva za dzanja."

"Nanga tikapita, sawatsekera?"

"Sindingakulonjezeni. Woweruza ndi amene amagamula. Koma amafunsa kaye chifukwa. Bala analitsukitsa kuti?"

"Pachipatala pomwepo."

"Pomwe amagwira chilangopo?"

"Eee."

Mlangizi anaseka mpaka kugwira pamimba. "Mayi inu! Ndiye munadutsa pakhomo pa ofesi ya kapitawo, bandeji ili mbuu, n'kupita kukasaka achimwene anu? Mukanangogogoda. Munthu wa chilango akadwala amauza kapitawo kapena ofisala tsiku lomwelo. Amaonetsa buku la kuchipatala. Amamupatsa masiku opuma, kapena ntchito yopepuka. Basi."

"Basi?"

"Basi. Koma chilango satumirana. Si ntchito ya pakhomo yoti wina akatopa mnzake alandire. Khoti linalanga munthu, osati banja."

Mayi a mapasa anagwetsa nkhope.

"Dzukani," anatero mlangizi. "Mawa mutenge buku la kuchipatala mukaonane ndi ofisala, Lachisanu lisanafike. Mukanene zoona. Ndipo achimwene anuwo asanyamuke. Nawonso akaime pamaso pa woweruza."

Atabwerera kunyumba anapeza chikwama chatsitsidwa. Anachinyamula n'kuchibwezera pakabati.

"Abambo, simukupita kulikonse. Achimwene, inunso."

"Chemwali, ukufuna atimange tonse awiri?"

"Ndinakulowetsani ndine. Ndikaima nanu."

Lachitatu anapita kwa ofisala. Ofesi yake inali kachipinda ka zenera limodzi. Anayang'ana bandeji. Anawerenga buku la kuchipatala, deti ndi chidindo. Anapukusa mutu.

"Maola 100 osajomba, kenako zamasewerazi? Ndikalemba zonse ziwiri mu lipoti. Zabwino ndi zoipa."

Lachisanu anafika khoti lisanatsegule. Mabenchi olimba. Fani yosazungulira. Mlangizi anawakodola ali patebulo lake.

Milandu ya mtundu womwewo inalipo itatu. Munthu woyamba analowa ndi unyolo m'manja. Anasiya ntchito ya chilango n'kuthawa, ndipo anagwidwa patatha miyezi isanu ndi iwiri. Woweruza, mayi wa magalasi, sanachedwe naye. Chilango chogwira ntchito chinathetsedwa. Ndende. Achimwene anayang'ana pansi.

Wachiwiri anajomba masiku asanu. Chifukwa chake? Anati ankatopa. Anamuwonjezera maola, n'kumuchenjeza komaliza.

Kenako anaitana a Mageti.

"Mlandu mukuuvomera?"

"Ndikuuvomera, bwana."

"Bwanji munatuma munthu wina?"

A Mageti anakweza dzanja la bandeji. Mayi a mapasa anaimirira kumbuyo.

"Pepani bwana, ndiyankhulepo?"

Wapolisi anawagwedezera dzanja kuti akhale pansi. Woweruza anayang'ana pamwamba pa magalasi. "Ndinu ndani?"

"Akazi awo. Nzeru inali yanga. Iwo anakayika, ine ndinakakamira. Ndimaopa kuti akajomba muwatsekera. Sindimadziwa kuti tikanangonena."

Woweruza anawerenga lipoti la ofisala. Anatsegula buku la kuchipatala. Anaitanitsa buku la kapitawo, nayerekeza masiginecha.

"Wosaina masiku atatuwa alipo?"

Achimwene anaimirira. Anangopitirira kuimirira. Woweruza anawayang'ana, nayang'ana a Mageti, nawayang'ananso. M'khoti wina analephera kudzigwira.

"Chete!" anakuwa wapolisi, iyenso akuluma mlomo.

"Bambo," anatero woweruza, "kusaina dzina la munthu wina m'buku la boma si nthabwala. Ndi mlandu pawokha. Lero ndikukuchenjezani chifukwa mwabwera nokha. Musadzabwerezenso."

"Ngakhale kalata ya chikondi sindidzasainira munthu, bwana."

"Khalani pansi."

Anatembenukira kwa a Mageti. Mayi a mapasa anafinya m'mphepete mwa benchi.

"Mwaphwanya lamulo la khoti. Izi ndi zoona. Koma bala lanu lili ndi umboni. Mbiri yanu ya ntchito ndi yabwino. Mwabwera pa tsiku lake, ndipo simunaname. Kundende simupita."

Mayi a mapasa anatulutsa mpweya womwe anausunga kuyambira Lachiwiri.

"Maola khumi ndi awiri a alamu anu ndawafafaniza. Ndikuwonjezera ena makumi awiri chifukwa cha chinyengocho. Mwatsala ndi maola 80. Mupume milungu iwiri. Mukayambiranso, ofisala akupatseni ntchito yoti dzanja limodzi lingathe."

Panja dzuwa linali phwee. A Mageti anakumbatira akazi awo ndi dzanja lamanzere, anthu akuona.

"Ndiye thukuta langa lapita pachabe?" anadandaula achimwene.

"Chipatala chikuthokoza, alamu."

Milungu iwiri itatha, a Mageti anabwerera. Anawaika poimika odwala pamzere ndi kukankha njinga za olumala. Dzanja litapola anatenganso chikwakwa. Tsiku lina mmodzi wa mapasa anatentha thupi. A Mageti anaimbira foni kapitawo m'mawa womwewo. Kapitawo anati, "Bwerani mawa." Nkhani inatha mu mphindi imodzi.

Patatha mwezi umodzi, ofisala anadinda pepala lomaliza. Maola onse akwana. Mlandu watsekedwa. A Mageti analowa nalo pamsewu wawo atalikweza m'mwamba. Anyamata a pagalaja anaimba mluzu. Amayi apampopi anawomba m'manja. Mayi a mapasa analilandira, naliwerenga mokweza kuti aliyense amve, mpaka dzina la ofisala ndi deti lomwe.

Phunziro lake ndi ili. Chilango chogwira ntchito ndi mwayi wokhala kunja kwa ndende, ndipo chimagwiridwa ndi mwiniwake yekha. Mukadwala kapena mukakumana ndi vuto, uzani kapitawo kapena ofisala tsiku lomwelo, ndipo sungani umboni. Mukalandira masamani musathawe. Funsani mlangizi wa zamalamulo, pitani kukhoti pa tsiku lake, mukanene zoona.