Gemu ya Banja Lonse

Woyendetsa thiraki wina anagula gemu ya pa tivi atangotsitsa katundu, asanapite n'komwe kunyumba kukasamba. Chithereni banja, ana ake awiri ankabwera kwa iye Loweruka lokha, ndipo akabwera ankangokhala pa sofa n'kumayang'ana khoma ngati odwala pamzere wa kuchipatala. Iye ankafuna kumva kuseka m'nyumba mwake. Makina a gemu anali atagula kale kwa mnzake wa kuntchito, akale ndithu koma ogwira, ndi zowongolera ziwiri.

Mayi a anawo anali ataika lamulo: za mfuti ayi, za magazi ayi, zotukwana ayi. Choncho m'sitolomo anamupanikiza wogulitsa ndi mafunso ngati wapolisi.

"Mulibe zophana?"

"Bwana, awa ndi makatuni. Ng'ona, bakha, nkhumba, aliyense pa kagalimoto kake, kumathamangitsana. Ukagunda khoma umangozungulira, kenako wanyamukanso. Taonani, palembedwa kuti ndi ya banja lonse."

"Koma ndi yabwino?"

Wogulitsayo anakanda kumutu. "Yabwino kwenikweni ndi iyo ili m'galasimo, koma imafuna makina atsopano. Iyi ndiye ingagwire pa anuwo. Ana sasiyanitsa, bwana."

Sabata yonseyo bambowo akaweruka ankaphunzira gemuyo. Zala zake, zozolowera chiwongolero chachikulu, zinkadina mabatani awiri nthawi imodzi, ndipo ng'ona imene anasankha inkangogwera m'madzi. Ankaseka yekha, n'kuyambiranso. Pofika Lachisanu ankamaliza mpikisano osagwa, ndipo anadziona kuti wafikapo.

Loweruka m'mawa galimoto ya mwamuna watsopano wa mayi awo inaima pageti, ana anatsika. Wamkulu, mtsikana, bambo ake ankamutchula Kadona chifukwa cha kayendedwe kake konyada. Wamng'ono anali Injiniya, poti chilichonse chimene wapatsidwa ankachimasula n'kulephera kuchimanganso.

"Tsinzinani," anatero bambowo, atabisa bokosi kumbuyo. "Tsegulani tsopano!"

Kadona analandira bokosilo, kuliyang'ana kutsogolo, kulitembenuza.

"Zikomo adadi," anatero. "Koma iyi ndi yongotengera. Yeniyeni ili kwa ankolo."

Ankolo anali mwamuna wa mayi awo uja.

"Galimoto ndi galimoto," anatero bambowo mokakamiza kuseka. "Tiyeni tione amene ali dalaivala m'nyumba muno."

Gemuyo inachedwa kuyamba moti Injiniya anafunsa ngati yafa. Itayamba, kanyimbo kake kanali kamodzi komweko, kobwerezabwereza. Anawo anasewera kaye okha. Pakona yachiwiri kagalimoto ka bakha kanalowa m'khoma mpaka theka n'kukanirira momwemo, matayala akuzungulira m'malere. Injiniya anaseka mpaka kugwa pa sofa, ndipo bambo ake anasangalala, ngakhale ankadziwa kuti mwanayo akuseka kuipa kwa chinthu chimene amugulira.

Kenako anatenga chowongolera chimodzi, kuti apikisane ndi Kadona. Mwanayo sankayang'ana n'komwe mabatani. Nkhumba yake inkakhota ngati ikusambira, n'kumusiyira mafuta oterera panjira, ng'ona n'kumangozungulira. Anamusiya kutali koyamba, kachiwiri chimodzimodzi, kachitatu anamupitiriranso atazungulira kale bwalo lonse.

"Dutsani pansi pa mlatho!" anakuwa Injiniya. "Adadi amadutsa pansi, ndi pachidule!"

"Ine? Ndinadutsapo liti?"

"Ayi, adadi akunyumba."

Kadona anamutsina mlongo wakeyo pantchafu. Bambowo maso sanawachotse pa tivi.

"Tiyambirenso," anatero.

Ulendo uno anawerama, mano atalumana, thukuta likutsika m'khosi. Nkhumba inali patsogolo monga maulendo ena aja. Koma atayandikira mzere womalizira, inayamba kufooka, n'kuima chapafupi pomwepo. Ng'ona inadutsa. Bambowo anacheuka asanakondwere, ndipo anaona chala cha Kadona chili m'mwamba, osakhudza batani.

"Ee, batani langa linakanirira," anatero mtsikanayo, n'kuyamba kuwomba m'manja. "Mwawina adadi! Mwayesetsa kwambiri!"

Anawanena mawuwo ndi kamvekedwe kamene anthu amayamikira nako khanda likaponya phazi koyamba. Bamboyu, amene ankatsitsa thiraki yodzaza simenti pamtsetse mvula ikugwa, mwana wake womubereka yekha anamumvera chisoni pa kagalimoto ka ng'ona.

Sanadziwe kuti waimirira nthawi yanji. Mawu amene anatuluka m'kamwa mwake anali a m'malo oimikapo mathiraki, amene madalaivala amaponyerana wina akatseka njira. Chowongolera anachimenyetsa patebulo, chinasweka, mabatire n'kugubuduzikira pansi pa kabati.

Injiniya anayamba kulira. Kadona anaika chowongolera chinacho pa sofa mosamala kwambiri, n'kupinda manja. Pa tivi ng'ona inkavina itanyamula chikho, kanyimbo kaja kakungolira.

Bambowo anapepesa. Anawagulira zakumwa zozizira, anakazinga mazira, anayesa nthabwala ziwiri zimene sizinaseketse munthu. Anawo anadya mwaulemu ngati alendo, ndipo masana onse Kadona ankangosuzumira pawindo.

Mayi awo atabwera kudzawatenga, Injiniya anawathamangira pakhomo pomwepo n'kuwafunsa tanthauzo la liwu lija, akulitchula bwinobwino, osaphonya. Mayiwo anawauza ana kuti atsogole.

"Bambo a ana, mwana wamva kuti zimenezi?"

"Sizili mu gemu ayi. Gemuyo ndinafunsa, ndi yoyenera ana."

"Ndikudziwa kuti si gemu." Anayang'ana zidutswa za chowongolera zimene zinali zidakali patebulo. "Ine ndimaopa za m'sitolo. Ndinaiwala kuti ana akubwera kwa inu."

Bambowo anawaperekeza mpaka pageti, pamene mwamuna uja anatsitsa galasi la galimoto n'kumupatsa moni waulemu wonse, womwe unamuwawa kuposa chipongwe. Kadona asanakwere anabwerera, n'kumugwira dzanja bambo akewo.

"Musadandaule adadi," anamunong'oneza. "Nanenso poyamba ndinkaluza. Ndiwapempha ankolo akuphunzitseni. Iwo sakalipa."

Pakati pa sabata mayi a anawo anaimba foni kunena kuti ana apume kaye, Injiniya akumadzidzimuka akamva chitseko chikumenyetseka. Adzabweranso zinthu zikakhala bwino. Bambowo anafunsa kuti liti, foni inali itadulidwa kale.

Tsiku lomwelo abwana ake anafunsa amene angatenge ulendo wautali, wodutsa malire, umene madalaivala onse apabanja ankaukana chifukwa umadya masiku a Loweruka. Iye anakweza dzanja.