Zithunzi Zimene Ndinkafufuta

Ine ndine telala, ndipo kamera yeniyeni sindinaigwirepo chibadwire. Chimene ndili nacho ndi foni yosweka galasi pakona, basi. Koma mukafunsa aliyense pa mafulati athu kuti wojambula maluwa bwino ndani, akulozerani khomo langa, ngakhale ena aziloza ndi milomo.

Kadimba kathu kali kuseri kwa mafulati, pakati pa khoma la masitepe ndi thanki yamadzi. Zaka zitatu zapitazo panali potayira matayala ndi mabotolo. Amuna anga, amene aliyense amangowatchula kuti a Dalaivala chifukwa anayendetsa basi zaka makumi awiri, atagwidwa ndi sitiroko, adokotala anandiuza kuti munthuyu asamangokhala m'nyumba, ndimupezere chochita cha panja. Matayala aja ndinawatuta ndekha, uku ndikulira uku ndikutukwana. Ndinabzalapo kamtengo ka pichesi, marozi awiri, ndi mbewu za maluwa zimene anandigawira a Nesi a khomo loyandikana nalo. Kuyambira pamenepo a Dalaivala amatsikira kumeneko m'mawa uliwonse. Thupi linabwerera pang'onopang'ono, koma pakamwa panatsalira. Ndi ine amalankhula mawu awiri atatu. Mlendo akangofika amazolika n'kungoti zii, chifukwa amachita manyazi ndi mmene lilime lawo limakokera. Ine ndinkadziwa chinthu chimodzi: tsiku limene kadimbako kadzachoke, munthuyu adzabwerera pampando wa pawindo ndipo sadzadzukaponso.

Kujambula ndili ndi kachitidwe kanga. Ndimatsika dzuwa lisanadutse pamwamba pa thanki, mame asanaume. Ndimagwada, n'kuyandikitsa foni pa duwa monga mmene ndimayandikirira singano polowetsa ulusi, mpaka khoma, thanki ndi zingwe zoyanikapo zovala zonse zisowe, patsale duwa lokha. Nthawi imene ndimaikonda ndi chisanu chikangotha, pichesi ikachita maluwa isanatulutse tsamba ngakhale limodzi, njuchi zili ng'ang'ang'a m'nthambi. Pamenepo ngakhale kasitomala agogode ndi diresi la ukwati, adikire.

Mdani wanga pa ntchitoyi ndi a Dalaivala. Ndikhoza kugwada mphindi khumi, ndagwira mpweya, kadontho ka mame kali lende kunsonga kwa rozi, kenako madzi khuthu kuchokera kumwamba. Afika ndi kheni yawo yothirira. Maluwa onse ali apo, koma iwo amafuna lomwelo limene ndaliyang'ana ine. Ndikapsa mtima ndinkabwerera m'mbuyo n'kuwajambula iwo ndi kheni yawo, khoma ndi thanki zonse momwemo, n'kutumiza kwa achemwali anga ndi mawu akuti, "Onani alamu anuwa andiwonongeranso." Ndikatumiza ndinkafufuta pomwepo, pakuti foni yanga imadzaza msanga ndipo sindisunga zonyansa.

Tsono a Tcheya a komiti ya pamafulati anagula galimoto yachiwiri. Munthu wamkulu, wa mimba yake, anapita kuseri kuja pakati penipeni pa chisanu, pichesi ili mitengo yokhayokha, marozi titawadulira, n'kujambula. Chithunzicho anapita nacho ku ofesi ya eni nyumba, ati malo akungokhala, pathiridwe konkire poimika magalimoto. Kalata ya ku ofesiko yondidziwitsa zimenezi inandipeza ndili pa makina. Ndinaiwerenga kawiri, n'kusoka mkono wa malaya a mwini kumbuyo.

A Nesi ndi amene anandilimbitsa mtima. Anatulutsa pepala limene tonse tinasainira polowa m'nyumbazi, n'kundilozera mzere wina: malo amene wokhalapo wakhala akuwasamalira zaka zitatu zotsatizana, sangawasandutse china popanda iye kuvomera.

"Chofunika ndi umboni basi," anatero a Nesi. "Ndipo inu zithunzi muli nazo zambirimbiri."

Ndinaseka. Umboni? Kwa ine? Ndinasankha zithunzi makumi atatu zimene ndimazinyadira, ndinakazitsukitsa ku situdiyo, ndinavala diresi langa lobiriwira, Lolemba m'mawa ulendo ku ofesi. Ndinkayenda ngati mlandu ndawina kale.

Mayi wa ku ofesiko ndi munthu wa magalasi, wosathamanga polankhula. Anaziyang'ana chimodzichimodzi, a Tcheya atakhala pambali akuseweretsa makiyi.

"Mayi, dzanja muli nalo," anatero. "Ichi cha njuchichi ndingachipachike m'nyumba mwanga. Koma duwa limeneli lili kuti?"

"Kuseri kwa mafulati."

"Mukutero ndinu. Ine ndikuona duwa. Likhoza kukhala la ku paki, likhoza kukhala la pakhomo pa abale anu. Palibe khoma, palibe chitseko, palibe chilichonse chondiuza malo."

"Mwinanso ndi za pa kalendala," anatero a Tcheya, akuyang'ana kudenga.

Mtima unandiwawa kwabasi, makamaka chifukwa mayiyo sankanama. Zaka zitatu ndakhala ndikugwada m'matope kuti malowo asaoneke, ndipo ndinakhozadi, sankaoneka. Ndinati abwere adzaone yekha, pichesi ili mbuu ndi maluwa. Anandiyankha kuti zimene angaone ndi za chaka chino, pamene pepala likunena zaka zitatu. Anandipatsa mpaka Lachisanu.

Kunyumba sindinawauze a Dalaivala, koma munthu amene mwakhala naye zaka zonsezi simumubisira nkhope. Lachiwiri m'mawa sanatsike. Anakhala pampando wa pawindo uja, kheni ili pakhomo youma. Ndinawayang'ana ndili pa makina, mantha anandigwira kuposa tsiku limene anagwa.

Lachitatu masana kunabwera achemwali kudzayesa siketi yawo. Achemwali anga ndi munthu wabwino, koma foni ndi iwo ndi paka ndi galu. Ndili ndi mapini kukamwa, iwo ali kudandaula.

"Iwe, foni yangayi yayamba ulesi. Ikumandiuza kuti yadzaza. Yadzaza chiyani, ine sindiikamo kanthu?"

"Mumafufuta zimene anthu amakutumizirani?"

"Kufufuta kwake kotani?"

Ndinalavula mapini n'kuitenga kuti ndiwathandize. Nditatsegula mauthenga a pa dzina langa, chimene chinayamba kutuluka ndi msana wa a Dalaivala. Ndinakankhira m'mwamba, msana wina. Ndinakankhanso, kheni, thanki, khoma la masitepe ndi nambala ya fulati yathu yolembedwa ndi penti yofiira. Chilichonse chili ndi deti lake pamwamba, ndipo pansi pake mawu anga omwe aja, "Onani alamu anuwa." Ndinakankha mpaka chala chinatopa. Zinalipo zoposa mazana awiri.

"Achemwali," ndinatero, "foni iyi mukaigwetsa m'madzi, ubale watha."

"Ndiye ukufufuta kapena ayi?"

"Mukangoyerekeza."

Tinapita limodzi ku situdiyo, siketi ili ndi mapini ake. Ndinasankha makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi, mwezi uliwonse chimodzi. Wa situdiyo amandidziwa, ndipo anandiyang'ana modabwa kuti mayi wa maluwa uja lero akutsukitsa zithunzi zopendekeka, zina chala chili pakona, zina zochapa za anthu zili pakati. Ndinamuuza kuti atsuke, maganizo ake asunge.

Titabwerera ndinachotsa nsalu patebulo lodulira n'kuyamba kuziyala motsata madeti. Ndinkafuna kuona ngati khoma ndi thanki zikuoneka bwino. Zinkaoneka. Koma nditayala mzere wachitatu ndinaona china chimene sindinkachifunafuna.

M'zithunzi zoyambirira a Dalaivala akhala pampando wa pulasitiki, akuthirira ndi kapu, dzanja lamanja lili pamwendo ngati si lawo, ndipo pichesi ndi kandodo kofika m'bondo. Pakati pa mzere woyamba aimirira, dzanja lina pandodo, lina pa kabotolo. Mzere wachiwiri ndodo ija yatsamira pathanki, iwo agwira kheni ndi manja awiri, pichesi yawafika paphewa. Mzere wachitatu ndodo palibe n'komwe. Kheni yodzaza ili kudzanja lamanja, lomwe lija adokotala ankalikayikira, ndipo pichesi yawapitirira mutu. Ine ndinkakhala nawo tsiku ndi tsiku, ndiye sindinaone. Ndinali kalikiliki ndi mame.

Ndinalira, sindibisa. Ndinalira ndi chimwemwe, ndinaliranso ndi manyazi, kuti chinthu chokongola kuposa zonse m'dimbamo ndi chimene ndinkachitcha chonyansa n'kumachifufuta. Achemwali anandisisita kumsana, kenako anati, "Komatu alamu anga buluku ili alisiye, laonekera zaka zitatu zonse."

A Dalaivala, amene za ku ofesi anali atazimva ndikufotokozera achemwali, anadzuka pawindo paja n'kubwera patebulo. Anayang'ana mzere uliwonse, chala chikuyenda pamwamba pa zithunzi. Atafika kumapeto anandiyang'ana.

"Lachisanu," anatero, "ndipita nawo."

Ndinafuna kuwaletsa, chifukwa ku ofesi kuli alendo okhaokha ndipo a Tcheya pakamwa pawo sipaphwa. Koma mmene anandiyang'anira, ndinangopita kukasita jekete lawo.

Lachisanu tinalowa atatu, ine, a Dalaivala ndi achemwali atakumbatira foni yawo pachifuwa. Ndinayala zithunzi padesiki pa mayi uja mpaka anachotsa kapu yake ya tiyi. Anatenga foni ya achemwali, n'kumayerekeza deti ndi chithunzi, deti ndi chithunzi, osafulumira. A Tcheya makiyi anasiya kuseweretsa.

"Khoma ndi lomwelo," anatero mayiyo. "Nambala ndi yomweyo. Madeti akukwana zaka zitatu zonse."

A Tcheya anatsokomola. Munthu akagwa safuna kugwa yekha.

"Pepala likuti wokhalapo," anatero. "Apa ine ndikungoona msana ndi chipewa. Tidziwa bwanji kuti si waganyu? Mayiwa akhoza kulemba munthu ntchito. Bambowa ndi odwala, tonse tikudziwa, ngakhale moni sayankha."

Magazi anandithamangira kumutu. Mawu amene ndinawakonza pamenepo sindingawabwereze pano, ndipo ndinali nditatsegula kale pakamwa. Koma dzanja linandigwira pamkono, dzanja lamanja, ndipo linandigwira zolimba. A Dalaivala anaimirira. Sanazolike. Anamuyang'ana mayiyo m'maso, n'kuika chala pa chithunzi choyamba.

"Uyu ndine," anatero. Mawu ankatuluka limodzilimodzi, olemera, lilime likukoka monga mwa masiku onse. "Apa sindinkatha kuimirira. Kapu iyi, madzi ankatayika theka."

Chala chinasunthira patsogolo.

"Apa nsabwe zinagwira marozi. Ndinathira madzi a sopo, masiku asanu ndi limodzi. Apa mphepo inathyola nthambi, ndinamanga ndi nsanza ya mayi awa. Ananditukwana, inali nsalu ya kasitomala."

Achemwali anaseka mpaka anagwira pakamwa. Ine sindinathe kuseka. Munthu amene zaka zitatu sanapereke moni kwa mlendo anayenda ndi chala chake zithunzi zonse makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi. Pena mawu ankakana, iye n'kudikira, thukuta lili kamukamu pamphumi, mpaka mawuwo abwere. Palibe anamuthandiza ndipo palibe anamudula. Ngakhale kalaliki wa pa desiki ina anasiya kutayipa. Atafika pa chomaliza anatembenukira kwa a Tcheya.

"Moni ndimamva, achimwene. Kuyankha ndi kumene kunkandivuta. Mwadzuka bwanji?"

A Tcheya anayang'ana makiyi awo. Kenako, chapansipansi, anati adzuka bwino, kaya iwo.

Mayi uja anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali kuposa mmene magalasi amafunira. Anakoka kalata ya pempho la a Tcheya, analembapo mizere iwiri, n'kutsegula dirowa kutulutsa chidindo. Kulira kwa chidindo chimenecho padesiki, ine sindinamvepo nyimbo yokoma choncho.

"Dimbalo likhala," anatero. "Ndilembe dzina la ndani ngati wosamalira?"

Ndinati nditsegule pakamwa monga ndazolowera, pakuti zaka zitatu zonsezi ndine ndakhala ndikuwayankhira kuchipatala, kusitolo, ngakhale pakhomo pathu pomwe. Achemwali anandiponda phazi. Ndinatseka.

A Dalaivala anatchula dzina lawo lonse, ndi la bambo awo lomwe, momveka bwino. Mayiyo anawapatsa cholembera, iwo anachilandira ndi dzanja lamanja n'kusaina okha.