Inki pa Chala cha Faiza

Useni atamwalira, abale ake anafika pa Nsaru akulira mokweza, koma maso ali pa golosale. Mkulu wake wa malemuyo, Abdallah, anauza Faiza, mkazi wamasiyeyo, kuti abindikire m'nyumba miyezi yonse ya chisoni monga mwa mwambo wawo. Akangoponda kunja kwa mpanda ndiye kuti wanyoza maliro, ndipo golosale ibwerera kuchimuna. Anthu otere ine amandinyansa, amakumbukira mwambo pokhapokha pali katundu.

Tsiku la chisankho linagwa mkati mwa miyeziyo. Faiza mtima unali kuwawa, chifukwa Useni anafera pangolo popita naye kuchipatala, ikujejemera mumsewu umene phungu wawo ankalonjeza kukonza chaka ndi chaka. Ankafuna amuchotse ndi dzanja lake.

Masana, amuna atapita kumzikiti, anadzifunda chitenje kumutu n'kuzembera kuseri mpaka kusukulu komwe ankavotera. Palibe anamuzindikira pamzere. Za inki yokha ndi zimene anaiwala.

“Chala, mayi,” anatero kalaliki wa chisankho.

“Mungondidonthezera pang'ono, bambo, chonde.”

“Aliyense timamuviika chimodzimodzi, kuti asavote kawiri.”

Chala chinatuluka m'botolomo chili bii, mpaka pachikhadabo.

Atafika kunyumba anachikwecha ndi sopo, phulusa, mandimu, mwala wotsukira mapazi, koma ayi ndithu. Khungu linasupuka, inki ili pompo. Mantha anamugwira. Anang'amba kansanza n'kumanga chalacho.

Madzulo ake banja lonse linakhala pakhonde kumwa tiyi. Safia, mkazi wa Abdallah, ankangoyang'ana dzanja la Faiza lomwe linanyamula ketulo.

“Kodi chala chatani, alamu?”

“Mpeni, posenda chinangwa.”

“Chinangwa, eti? Lerotu m'nyumba muno simunalowe chinangwa. Bwerani ndikutsukeni ndi madzi amchere, bala lingawole.”

“Musavutike, lauma kale.”

Koma Safia anali atamugwira kale pamkono, mwachikondi chonamizira chija. Anayamba kumasula kansanzako pang'onopang'ono. Kansanza katagwa pansi, anakweza dzanja la Faiza m'mwamba kuti aliyense aone, pafupi ndi chala chake chomwe chinali ndi inki yomweyo.

Abdallah sanakalipe. Anamaliza tiyi wake, n'kuika kapu pansi mosamala.

“Mwavota bwino, alamu,” anatero. “Makiyi a golosale ali kuti?”