Hatchi Yoyenda Chambuyo

"Pakamwa mugwire, a Kuwabara. Ntchito yanu ndi kufunsa kokha," anatero Mayi Tsuchiya, mkulu wa otsogolera alendo, akuwakonza kolala pakhomo la nyumba yoonetsera zojambula mumzinda wa Matsue. "Mukangowauza anawa yankho, baji simuiona."

Kuuza a Kuwabara kuti akhale chete kunali ngati kuletsa tambala kulira. Bambowa anayendetsa basi zaka makumi atatu akucheza ndi aliyense, ngakhale ogona. Atapuma pa ntchito kukhala pakhomo kunawatopetsa, ndipo akazi awo anatopa kuposa iwo. Baji yotsogolera ana a sukulu ankaifuna ndi mtima wonse, ndipo tsikuli linali la mayeso awo.

Ana makumi awiri analowa ali ndi zipewa zachikasu. Chithunzi choti awaonetse chinali pepala lakale lalitali, lotambasulidwa m'galasi kuchokera khoma lina kufika linzake. Ndani m'dzikomo sadziwa kuti nkhani ya pa pepala lotere imayambira kumanja? Koma a Kuwabara, thukuta lili kamukamu, anaimika ana kumanzere, mbali imene anazolowera kukwezera anthu basi.

"Mukuona chiyani apa?"

"Munthu ali m'matope, akulira," anatero Genta, kamnyamata kopanda mano akutsogolo.

Anasunthira kumanja. "Hatchi yabwera kudzamutola!" anakuwa wina. Anasunthanso. "Apa akumwa mowa, akusangalala poti wapulumuka!"

Pamenepo m'pamene a Kuwabara anazindikira kuti ayambira nkhani kumchira. Manyazi anawagwira, lilime n'kuyamba kuyabwa. Mawu awiri okha akanakonza zonse. Anacheuka, n'kupeza Mayi Tsuchiya ali chilili pakona, cholembera m'manja. A Kuwabara anameza mawu aja.

"Mwaona chiyani chokuganizitsani choncho?" anafunsa anawo.

Ana anayang'anitsitsa chithunzicho. Mphindi imeneyo inatalika kuposa ulendo wa pa basi wa ku Osaka. Kenako Chisato, mtsikana amene sanalankhulepo chilowereni, anakweza dzanja pang'ono.

"Agogo, bwanji hatchiyi ikuyenda chambuyo? Mutu wake waloza uko, ife tikulowera uku."

"Eee, zoona! Ngakhale galuyo!"

Gulu lonse linakhamukira kumanja, likuyenda mwandawala poti kuthamanga n'koletsedwa. Kumeneko anapeza munthu yuja akutsanzika mkazi wake, zovala zili mbee.

"Ayi ndithu! Wayamba wamwa, kenako hatchi n'kumugwetsa!" anatero Chisato, manyazi onse atatha.

"Ngati amalume anga pa njinga," anatero Genta.

Ana anaseka mpaka mlonda anasuzumira. Anakangana za mkaziyo, ngati adzamutsegulire chitseko kapena ayi, ndipo nthawi yonseyi a Kuwabara ankangogwedeza mutu, milomo ataikanikiza, mtima ukuvina.

Ana atawerama kuthokoza n'kutuluka, Mayi Tsuchiya anabwera akuyenda pang'onopang'ono.

"Zaka khumi ndili muno, palibe mwana anayang'anapo kumene hatchi ija yaloza. Kuona maso a nkhono n'kudekha, a Kuwabara." Anatulutsa baji m'thumba n'kuwamangirira pachifuwa, koma sanachoke. "Tandiuzani zoona. Kuyambira kumanzere kuja, munachita dala?"

A Kuwabara anatsegula pakamwa. Nkhani yonse inali kale pa lilime, ya basi, ya thukuta, ya zaka makumi atatu. Anayang'ana bajiyo, n'kuipukuta ndi chala.

"Mayi," anatero mwaulemu, "mwaona chiyani chokuganizitsani choncho?"