Dzina la Kumbuyo kwa Nsalu

Kalata ya ku chionetsero inali yaifupi ngati yolemba munthu wokwiya: chithunzi nambala 41 chaimitsidwa kaye, mwini wake adzaonane ndi oweruza Lachinayi m'mawa. Mayi a mapasa anaiwerenga kawiri ali chiimire pakhomo. Amuna awo ali moyo, iwo ku chionetsero cha pachakachi ankangopitako kukanyamula zithunzi zojambula bambowo ndi kuomba m'manja. Chaka chino, patapita zaka zitatu chichitikire maliro, anali atapereka chojambula chawochawo koyamba, ndipo ankafuna chinthu chimodzi basi: chipachikidwe pakhoma, pansi pake palembedwe dzina lawo.

Nanga wawaipitsira ndani? Mtima unathamangira kwa alamu awo, ang'ono ake a malemu, okhoma mafulemu a zithunzi kuseri kwa msika. Ndi okhawo amene anachigwira chithunzicho chisanapite. Tsiku lija anachitembenuza uku ndi uku, kuchiyang'ana mpaka kutopetsa, n'kungoti, "Mwayesetsa, mlamu." Mwayesetsa wamtundu wanji ameneyo, wonena maso ali pansi?

Lachinayi anayamba adzera kumeneko. Anawapeza akupala thabwa, utuchi uli mbuu m'ndevu.

"Alamu, mwakawauza chiyani anthu a ku chionetsero?"

"Ine? Ndimawadziwira kuti anthu amenewo?"

"Mafulemu awo onse mumakhoma ndinu, lero simukuwadziwa?"

Alamuwo anaika pansi chopalira, natsegula pakamwa ngati anena kanthu, kenaka anangopukusa mutu. Kwa mayi a mapasa kumeneko kunali kuvomera. Anatuluka osatsanzika, mtima ukuwawa kwambiri.

Mu holo munkanunkha penti ndi guluu. Zithunzi zosankhidwa zinali zitatsamira khoma kudikira misomali, ndipo chawo anachiika pachokha patebulo ngati wodwala chifuwa chachikulu. Oweruza analipo atatu: mayi wophunzitsa zojambula ku koleji, wosema ziboliboli wina wosalankhulalankhula, ndi mkulu wawo, amene ojambula onse ankamutcha a Magalasi chifukwa magalasi ake ankakhalira pamphumi, osati pamaso.

"Pepani ndi imfa ya bambo," anayamba a Magalasi. "Koma lamulo mukulidziwa. Timalandira ntchito ya chaka chino, ya munthu amene waipereka."

"Ndiye ndi imeneyo. Wakuuzani zina ndani?"

"Palibe, mayi. Nsaluyi ndiyo yatiuza."

Anachitembenuza chithunzicho. Kumbuyo kwake, pakona, panali dzina la malemu lolemba ndi dzanja lawo lomwe, pamodzi ndi deti la zaka zisanu zapitazo.

Apo m'pamene mayi a mapasa anakumbukira. Kuiwala inu! Malemu anali ndi chizolowezi chosaina kumbuyo kwa nsalu iliyonse tsiku loikoka pathabwa ndi kuipaka zoyera, isanajambulidwe n'komwe, poopa anzawo obwereka zinthu osabweza. Anasiya mulu wa nsalu zopanda kanthu pamwamba pa kabati, ndipo mayi a mapasa anangosolola imodzi. Kumbuyo anali asanayang'aneko. Anafotokoza zonsezi, koma mawu ankatuluka mothamanga, ndipo ngakhale m'makutu mwawo ankamveka ngati bodza lokonzera panjira. Mphunzitsi uja anayang'ana wosema ziboliboli, wosemayo anayang'ana zikhadabo zake.

"Tikumva," anatero a Magalasi mwaulemu wopweteka uja. "Kungoti dzanjali timalidziwa. Taona kuwala kwa pakatani ya m'chithunzimu, taonanso mmene penti wachikasu waunjikidwira. Munthu sangoyamba lero n'kujambula chonchi. Sitikuti mwaba, ayi. Mwina mumafuna kuti bambo akumbukiridwe."

Pamenepo ndiye mayi a mapasa anapsa mtima zenizeni. Miyezi inayi ya msana kuwawa, anthu awa akuipereka kwa munthu wa kumanda, iwo ali pompano akupuma. Anachibweza chithunzicho chagada. Chinali cha mzimayi akusita zovala pafupi ndi windo, dzuwa likulowera pakatani. Anasankha pomwe penti anali wochindikala kwambiri, pakatani pomwepo, n'kukanikizapo chala chachikulu ndi mphamvu.

Kakhungu kouma ka pamwamba kanaphulika. Chikasu chofewa chinatuluka m'mbali mwa chala.

"Penti wamafuta wa zaka zisanu amachita chonchi?" anafunsa, chala chili m'mwamba. "Ndinu akatswiri, ndiuzeni."

Katani inali itaonongeka, ndipo mayiwo anachita kudziletsa kuti asayang'anepo. Mphunzitsi uja ndiye anayamba kusuntha: anatenga kakhadi ndi cholembera, nafunsa motsitsa mawu kuti dzina alilembe bwanji. Mayi a mapasa anatchula lonse, chilembo ndi chilembo, ndipo linalembedwa.

Koma a Magalasi anali asanachotse maso pachithunzicho.

"Ndiye kuti dzanjali ndi lanu," anatero pang'onopang'ono. "Chonsecho dzanja lomweli ndinalipatsa mphoto yoyamba kawiri, zaka ziwiri zomaliza za bambo. Nanga zithunzi ziwiri zijazi, mayi?"

Zaka ziwiri zimenezo manja a malemu ankanjenjemera moti kapu ya madzi inkafika pakamwa itatsala theka. Ankakhoma chitseko, bambo n'kukhala pampando kumaloza ndi chibwano, burashi ili m'manja mwa mkazi wawo. Mayi a mapasa analumbira kuti sadzauza munthu, ngakhale ana.

"Mwandiitanira chithunzi chimodzi," anayankha. "Ndayankha za chimodzicho."

A Magalasi sanawakakamize. Anangodzuka n'kuyenda mpaka kumapeto kwa holo, kumene amapachika zithunzi zopambana za zaka zam'mbuyo. Anaima pa cha malemu, natsitsira magalasi aja pamaso, n'kuyandikitsa nkhope pansalu. Kenaka anakodola anzake awiri aja kuti abwere adzaone.